Peni ya Mlombwa

Peniyo idang'aluka m'mwezi wa Okutobala chaka cha 2016, masana ena dzuwa litakwiya monga limachitira ku Kadoma mvula isanagwe. Mwini wake adaiiwala pazenera atatha kulemba maina a anthu amene adasonkha ndalama ku bungwe lawo la maliro. Pobwera kuchokera pansi pa mtengo wa mango pomwe adakapumula, adapeza mng'alu woonda ngati tsitsi utayenda kuchokera pakhosi pa peniyo mpaka pakati pa thunthu lake. Adaitola, naitembenuza kangapo, osanena kanthu. Mkulu wa zaka 80 amene adaika m'manda mkazi wake ndi ana awiri sangalirire kamtengo. Komabe madzulo a tsikulo nsima idatsala m'mbale.

Mkuluyu adabadwira m'boma la Dedza m'chaka cha 1936, ndipo adaphunzira pa kasukulu ka m'mudzi ka mishoni ya Nkhoma. Masiku amenewo mwana ankayamba kulemba pamchenga, kenaka pa sileti, ndipo akakwera makalasi m'pamene ankampatsa kamtengo kokhala ndi nibu ya chitsulo kunsonga, koviika m'kabotolo ka inki. Kamtengoko kadali ndi mwambo wake. Ukaviika kwambiri, dontho linkagwera papepala; ukakanikiza, nibu inkatangadza miyendo n'kuyamba kukanda ngati nkhuku. Zonse ziwirizi malipiro ake adali ndodo ya aphunzitsi pa nkhonyo. Mnyamatayo adachokako ndi chinthu chimodzi chimene sichidamuthawe kwa zaka 60: dzanja lopepuka.

M'chaka cha 1955, nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, adatsata njira imene anyamata ambiri a kwawo ankatsata pofuna ndalama ya msonkho ndi bulangete. Adadzera ku Tete, naoloka Zambezi, nalowera ku Mtoko mpaka ku Salisbury, kumene anthu akwathu ankangoti ku Halale. Kumeneko adamva kuti ntchito ili chakumadzulo, motsata njanji ya ku Bulawayo, ku Hartley ndi ku Gatooma. Dera limeneli lidali la golide ndi thonje. Kudali mgodi waukulu wa Cam and Motor ku Eiffel Flats, kudali Dalny ku Chakari, kudalinso timigodi tambirimbiri tomwe maina ake adapita ndi eni ake. M'makomboni a migodiyi Chinyanja chinkamveka ngati uli pa msika wa Lizulu, ndipo Loweruka madzulo ng'oma za gule wamkulu zinkalira. Iye adalembedwa pa umodzi mwa migodi yaing'onoyo kuti azikankha ngolo, koma sadathe miyezi itatu pansi. Mzungu wina ataona mmene adalembera dzina lake, pomwe anzake ankadinda chala, adamukweza kukhala kalaliki, amene pa migodi ankatchedwa mabalane.

Ntchito ya mabalane mkati mwa sabata idali yolemba matikiti ndi kuwerengera phoso. Ntchito yake yeniyeni inkayamba Lamulungu atatuluka m'tchalitchi. Amuna ankabwera mmodzimmodzi, envulopu ndi sitampa zili m'manja, nakhala pa chitini pakhomo pake. Kalata iliyonse inkayamba chimodzimodzi: ine kuno ndili bwino, kaya inu kumeneko. Kenaka munthu ankatsokomola, nayang'ana pansi, nayamba kunena zimene adadzera. Wina ankafunsa ngati mbuzi idaswa. Wina ankalamula kuti mwana asasiye sukulu. Wina ankakana mimba imene adaimva kwa mnzake wofika chatsopano. Ndipo pafupifupi aliyense ankatsiriza ndi mawu akuti, ndibwera chaka cha mawa. Mlembi ankadziwa kuti amene akunena zimenezi ali ndi mkazi wina mu komboni momwemo ndi ana awiri olankhula Chishona. Ankalemba ndithu. Iye adali dzanja chabe, ndipo dzanja silifunsa. Umu ndi mmene ankadzitonthozera, ngakhale kuti mawu omwewo ankawalembanso m'makalata ake opita kwa mlongo wake ku Dedza.

Peni ya inki adaigula m'chaka cha 1961 m'sitolo ya Mmwenye ku Gatooma, atasunga ndalama kwa miyezi ingapo. Idali ya ku England, yakuda, ndipo nibu yake idali ya golide. Pa zaka zonse zimene adakhala akulemba kulemera kwa miyala yotuluka pansi, golide amene adakhalapo wakewake ndi kachidutswa kameneka basi.

Anthu ambiri amaganiza kuti peni yotere imangokhala kabotolo kokhala ndi nsonga, koma nzeru yake yagona pa kachinthu kakuda kamene kali kunsi kwa nibu. Kachinthuka kali ndi timingalande tating'onoting'ono. Inki imatsika m'timingalandeto pang'onopang'ono pamene mpweya ukukwera kukalowa m'malo mwake, ndipo ziwirizi zikapanda kugwirizana peni imauma kapena kusanza. Lewis Waterman wa ku New York adatchuka chifukwa cha njira yoyendetsera inki ndi mpweya motere, imene adailembetsa m'chaka cha 1884. Kunsonga kwenikweni kwa nibu kuli kampira ka chitsulo cholimba zedi, chifukwa golide payekha ndi wofewa ndipo pepala lingamudye msanga. Kampirako nakonso kamaperepeseka m'kupita kwa zaka, motsata mmene mwini wake amapendekera dzanja. N'chifukwa chake mkuluyu sankabwereketsa peni yake, ngakhale kwa abusa. Ankati peni ili ngati mpini wa khasu: imazolowera chikhatho chimodzi.

Bolopeni idafika monga idafikira kwina kulikonse. László Bíró adaikonza m'zaka za m'ma 1930, kampani ya Bic idaitchipitsa kuyambira mu 1950, ndipo m'kupita kwa nthawi mwana wasukulu aliyense m'Zimbabwe adali ndi Eversharp m'thumba. Kunena mwachilungamo, bolopeni ndi chida chabwino. Sidontha, siopa fumbi, ndipo ikatayika munthu sagona ndi njala. Koma imafuna kukanikiza, ndipo munthu amene adakwapulidwa ali mwana chifukwa chokanikiza sangaikonde.

Thunthu la pulasitiki la peniyo lidasweka m'chaka cha 1974 litapondedwa ndi mwana. Mnzake wina wa ku Ntcheu, amene ankagwira ntchito pa makina okulungira zitsulo, adati aione. Adatenga kachidutswa ka mlombwa kotsala pa mphuthu ya chitseko, nakaboola, nalowetsamo kapaipi ka mkuwa, namatamo mazinga a thunthu lakale lija kuti lizimangika monga kale. Chivindikiro adachiveka mtengo womwewo kunja, koma m'kati adasiyamo pulasitiki. Apa adaonetsa kuti adali mmisiri, pakuti mtengo umapuma, ndipo chivindikiro cha mtengo wokhawokha chimaumitsa nibu usiku umodzi.

Kuyambira pamenepo peniyo idasanduka chiweto. Loweruka loyamba la mwezi mkuluyu ankamasula thunthu n'kuliika pambali, poti mtengo ndi madzi sizimwerana. Mbali ya nibu yokha ndiyo ankaitsuka, kupopa madzi ozizira mpaka atuluke oyera, n'kuiimika pa kansanza kuti iume. Madzi otentha ayi, sopo ayi. Kawiri pachaka ankapaka thunthulo phula la njuchi pang'ono, nalipukuta ndi nsalu yakale mpaka litawala mosanyezimira. Mafuta ophikira adawayesa kamodzi, nanunkha chiwawa, ndipo sadabwerezenso. M'thumba la malaya inkakhala choimirira, nibu kumwamba. Inki yakuda ya ojambula mapulani, imene imauma ngati ulimbo, sidalowemo ngakhale tsiku limodzi. M'chaka cha 2008, pamene m'masitolo mudali mashelefu okhaokha ndipo ndalama inkatha mphamvu munthu ali pamzere, botolo lake lotsiriza adalitalikitsa ndi madzi owiritsa oziziritsa. Mabuku a bungwe la maliro a chaka chimenecho amaoneka mpaka lero: malembo amayamba abuluu mu Januwale, nafika Disembala ali otuwa ngati utsi.

Padali tsiku limodzi lokha pamene adakondwera kuti peni yake yakanidwa. M'chaka cha 2001 boma la Zimbabwe lidasintha lamulo la unzika. Aliyense amene akadatha kukhala nzika ya dziko lina kudzera mwa makolo ake adayenera kuukana unzikawo mwalamulo pasanathe miyezi isanu ndi umodzi, apo ayi ataya wa Zimbabwe. Lamuloli lidagwera kwambiri ana a anthu a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia a m'migodi ndi m'mafamu, ambiri mwa iwo osadziwa n'komwe kumene kuli mudzi wa atate awo. Mwana wake wamkazi, wobadwira ku Gatooma, amene sadapondepo Dedza, adayenera kulemba kuti akukana dziko la Malawi. Mkuluyu adamperekeza ku ofesi, ndipo anthu a ku Rimuka amene ankamudziwa adamuunjirira ndi mafomu awo monga ankachitira makolo awo Lamulungu. Adatulutsa peni yake, naivula chivindikiro. Kalaliki wa pawindo adamuletsa. Mafomuwo adali ndi kaboni pansi, ndipo nibu siidinda kufika pa pepala lachiwiri. Adampatsa bolopeni yomangidwa ndi chingwe. Tsiku lonse adakanikiza ndi bolopeni ya eni ake, ndipo peni imene idalemba makalata mazanamazana opita kumudzi idabwerera m'thumba osalembako liwu limodzi la kukana.

Tsono iyi ndiyo peni imene idang'aluka pazenera. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Mtengo ukauma umafota m'mimba mwake, pamene chitsulo chikatentha chimafufuma. Kwa zaka 42 mlombwa ndi mkuwa zidapirirana, mpaka dzuwa la masana amodzi lidazilekanitsa.

Mdzukulu wake wamkazi, mtsikana wa zaka 19 wokhala ndi amayi ake ku Pfupajena, ndiye adanena kuti ku Chegutu kuli mmisiri wokulunga miyendo ya matebulo amene amapanganso mapeni. Matauni awiriwa, amene adasiya maina a Gatooma ndi Hartley m'chaka cha 1982, atalikirana makilomita osakwana 40 pa msewu wa Harare ndi Bulawayo, koma mkuluyu adakonzekera ngati akupita kutali. Adavala jekete ndi tayi m'kutentha konse kuja, nakulunga peniyo m'mpango.

Mmisiriyo adali wa zaka za m'ma 40, mdzukulu wa munthu wa ku Angonia, ndipo Chinyanja chake chidali chosakaniza ndi Chishona. Adayala mapeni khumi ndi awiri pa nsalu. Zitsulo zake adaitanitsa ku South Africa, iye n'kungovekapo mtengo. Mtsikanayo adathamangira yoyera yonyezimira, ya mtengo wa jakaranda, yopakidwa vanishi wochindikala.

"Iyi ndiye yokongola, agogo."

"Chikomekome cha mkuyu, akazanga," adatero mkuluyo, pomutchula monga agogo amatchulira adzukulu awo mwanthabwala. "Bwera nayo kuno."

Sadayambe ndi kuiyang'ana. Adaigoneka pa chala chimodzi kuti aone pamene pali kulemera kwake, chifukwa peni yolemera kumbuyo imatopetsa dzanja tsamba lisanathe. Adayendetsa chikhadabo pamene mtengo wakumana ndi chitsulo, kufuna kumva ngati pali kampata. Adasuzumira m'chivindikiro, nachiuzira mpweya kuti amve ngati ukutuluka. Kenaka adapempha pepala, naviika nsonga mu inki, nalemba nambala 8 kasanu osakanikiza. Nibu yabwino imalemba ndi kulemera kwa peni yokha. Iyi idadumpha pokwera. Adaibweza, natenga ina, nachitanso chimodzimodzi mpaka zonse zidatha. Ziwiri zokha ndizo adaziika padera. Za vanishi adati amabisa zambiri: mtengo wosauma, mfundo, ngakhale mng'alu womata. Ndipo vanishi akayamba kusupuka ndi thukuta, palibe chochita, pamene mtengo wa phula umangofuna phula lina.

Mmisiri uja adasiya kumwetulira kwa wamalonda, nakokera mpando pafupi.

"Madala, tandionetsani yanuyo."

Adaiyang'ana nthawi yaitali. Adati kumata sikungathandize, pakuti mtengowo udamwa phula ndi thukuta kwa zaka zambiri ndipo guluu sangagwire. Pafunika thunthu latsopano. Adalowa m'kachipinda, natuluka ndi zidutswa zitatu.

Choyamba chidali cha phingo, mtengo wakuda bii umene osema ziboliboli amaukonda. Ndi wolimba, wa mafuta akeake, wolemera mwakuti umamira m'madzi, ndipo ku Ulaya amapangira zitoliro zoimbira monga clarinet ndi oboe. Mwezi womwewo, msonkhano wa maiko wa CITES umene udachitikira ku Johannesburg udali utangoika mitengo ya mtundu umenewu pa mndandanda wa zofunika chilolezo pogulitsa kunja, chifukwa ikutha. Chachiwiri chidali cha tsanya, amene kumeneko amati mupani, wofiirira, wosadyedwa ndi chiswe, wolemeranso ngati mwala. Mkuluyo adaziyesa m'manja zonse ziwiri, napukusa mutu. Dzanja la zaka 80 silifuna katundu.

Chachitatu chidali cha mlombwa, umene amalonda a matabwa amati mukwa ndipo Ashona amati mubvamaropa chifukwa ukautema umatuluka utomoni wofiira ngati magazi. Mwa mitengo ya kuno, mlombwa ndi umodzi mwa imene sifota kapena kupindika kwambiri ikauma, n'chifukwa chake amisiri amaufuna pa zitseko ndi mipando. Ndi wopepukirapo, ndipo mitsempha yake imaoneka bwino popanda kuupaka kanthu. Chidutswachi mmisiriyo adachichotsa pa chitseko chakale chimene adagula m'chaka cha 2005, nyumba zambiri za m'makomboni zitagwetsedwa pa nthawi ya Murambatsvina. Mtengo umene wakhala chitseko kwa zaka makumi angapo udatha kale kuyenda kwake konse. Mkuluyo adaona kuti mitsempha yake yayenda molunjika m'litali, adachinunkhiza, nati, "Chomwechi."

Ntchitoyo idatenga masabata awiri. Peni idabwera mvula yoyamba itagwa, ili yofiirira kuposa kale, nibu ndi chivindikiro zili zomwe zija. Mkuluyo adaithira inki, nayala pepala patebulo m'nyumba ya mwana wake ku Pfupajena. Masiku amene adakhala wopanda peni adamupatsa nthawi yoganiza, ndipo adafika ndi chosankha. Kwa Achewa mwamuna ndi mwini mbumba. Ana a mlongo wake ndi ake kuwayang'anira, kuwaweruzira milandu, kuwaimira pa ukwati ndi pa maliro. Iye adasiya mlongo wake ali ndi mwana mmodzi kumsana, ndipo kalata yake yotsiriza adaitumiza m'chaka cha 1987. Nayonso idatha ndi chaka cha mawa.

Adalemba deti bwinobwino. Pa mzere wachiwiri dzanja lidayamba kunjenjemera. Maina a m'buku la maliro ankawatha, poti ndi aafupi ndipo pakati pake munthu amapuma, koma chiganizo chathunthu chidamukanika. Pofuna kuligwira dzanjalo adakanikiza, ndipo nibu idalavula dontho. Adakhala chete akuyang'ana donthoyo likufalikira. Kenaka adatembenuza peniyo, naipereka kwa mdzukulu wake chogwirira chili kutsogolo, monga amaperekera mpeni.

"Agogo, paja simubwereketsa."

"Khala apa. Usaigwire ngati ukupha nsabwe. Ingoigoneka, iyenda yokha."

Mtsikanayo amamva Chichewa ndipo amachilankhula ndi agogo ake, koma kusukulu adaphunzira kulemba Chishona ndi Chingerezi. Chishona cholembedwa chilibe chilembo cha l, ndiponso sichilemba kampweya kamene kali mu th, ph ndi kh. Choncho adalemba kuti murongo, nalembanso kutandiza. Mkuluyo adamuwongolera, koma naye adali ndi zakezake. Adaumirira kuti chifukwa amalemba cifukwa, monga ziliri m'Buku Lopatulika limene adaphunzirira kuwerenga. Iye adachoka kwawo chilankhulochi chikutchedwa Chinyanja. Dzina la Chichewa lidakhazikitsidwa m'Malawi mu 1968, ndipo bungwe la Chichewa Board, limene lidayamba mu 1972, lidasintha kalembedwe iye ali ku mgodi. Mtsikanayo adatulutsa foni kuti amuonetse mmene a ku Malawi amalembera lero. Adakangana kwa kanthawi, wina ndi kalembedwe ka dziko limene kulibenso, wina ndi ka dziko loyandikana nalo. Malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 adaika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka ndi boma, ndiponso adabwezera unzika kwa obadwira m'dzikomo amene makolo awo adachokera m'maiko a SADC. Koma patebulo paja padalibe amene adaphunzirapo kuchilemba m'kalasi ya m'Zimbabwe.

Kalatayo idatenga madzulo onse. Idayamba monga zonse zija: ine kuno ndili bwino, kaya inu kumeneko. Idatchula akufa ndi amoyo, mmodzimmodzi, ndi zaka zawo. Itafika kumapeto mkuluyo adatsokomola, nayang'ana pansi. Mtsikanayo adadikira, nibu ili m'mwamba.

"Lemba kuti, sindibweranso. Mafupa anga adzagona kuno. Mundikhululukire."

Pa envulopu adalemba dzina la mudzi, la mfumu yaikulu, ndi la sukulu ya pafupi, poti ndiyo adiresi yokhayo imene mkuluyo ankaikumbukira. Asanamate, agogo ake atatuluka panja, mtsikanayo adawonjezera nambala ya foni yake kunsi kwa tsambalo ndi bolopeni.

Yankho lidafika mu Febuluwale 2017, pa WhatsApp. Mphunzitsi wina wa pasukulupo adafunsafunsa mpaka adapeza mwini kalata. Mlongo uja adamwalira m'chaka cha 2009. Amene ankalankhula adali mwana amene adatsala kumsana uja, tsopano bambo wa imvi wokhala ndi adzukulu akeake. Adati makalata onse akale alipo, amayi ake adawasunga m'chitini cha masikono. Adati nkhani ya kukhululuka aikamba bwino akakhala pansi ndi abale. Koma padali chimene chidamuvutitsa: adayerekeza kalata yatsopanoyi ndi zakale zija, ndipo dzanja silidali limodzi. Adafuna kudziwa ngati amalume ake alidi moyo, kapena wina akungofuna kuwanamiza.

Mtsikanayo adati angowajambula chithunzi. Mkuluyo adakana. Nkhope yake, adatero, palibe amene akuidziwa kumeneko. Adaitanitsa peni ndi pepala, nagwira mkono wamanja ndi dzanja lamanzere kuti usagwedezeke. Adalemba mzere umodzi wokha, moni kwa mphwake ndi dzina lake pansi, ndi c wake wakale uja, ndi mchira wautali umene ankaukoka pa chilembo chotsiriza kuyambira ali ku Gatooma. Zidamutengera mphindi khumi. Mtsikanayo adadikira kuti inki iume, najambula pepalalo, natumiza.

Mkuluyo adapukuta nibu ndi kansanza, natseka chivindikiro. Adafunsa mdzukulu wake ngati m'nyumbamo muli kabati imene dzuwa silifikamo, ndiponso ngati akudziwa kumene amagulitsa phula la njuchi ku Chegutu.